Kamanda pa Mathandala a Violet

Mbamba Bay
9 Juni 2024

Mwana wanga Naomi,

Ndikhulupirira unafika bwino ku Dar es Salaam ndipo wayambanso ntchito kuchipatala. Amuna ako a Castory ndi adzukulu anga uwapatse moni. Ine ndilipo. Anthu akandifunsa ndimayankha choncho, ndipo si bodza kwenikweni.

Usadabwe kuti ndakulembera kalata m'malo moimba. Foni ya amayi ako, yokhayo ya m'nyumba muno, ndaizimitsa n'kuiika mu kabati. Imalira ndi kanyimbo kaja ankakonda, ndipo makasitomala awo a ku Mbinga akadali kuimba kufunsa usipa. Ndatopa kuuza anthu osawadziwa kuti Violet anamwalira. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi ya m'mawa. Ukafuna kuyankha, umupatse yemweyo.

Nkhani ndi iyi. Ukumbuka kuti amayi ako ankadandaula za akuba ndi akhwangwala pa mathandala awo oyanikapo usipa, mpaka anatuma mlongo wako Erick kuti awapezere galu wamkulu, wa mtundu uja wa apolisi. Erick sanaiwale. Lachinayi wafika naye kuchokera ku Songea, ali mu katoni ya sopo. Mwini wake womuitanitsa kulibe, ndiye wamulandira ndine.

Makutu ake ndi aakulu, oimirira ngati a mleme. Msana wakuda, miyendo yofiirira, monga agalu a apolisi amene. Koma thupi lonse likukwana m'chipewa changa. Erick akuti akula, poti anaona yekha make, chigalu chofika m'chiuno. Wamutcha Kamanda.

Ndaganiza zosunga mathandala a amayi ako. Ukudziwa mmene amayi a pagombe amachitira: thandala likakhala lopanda nsomba nyengo yonse ya usipa, malowo amapatsa wina. Amayi ako anawavutikira malo aja, mlendo wochokera ku Nkhotakota wosadziwa n'komwe Chiswahili, mpaka anzawo anawasunthira okha mitengo kuti nawonso akwane. Sindifuna kudzaona chitenje cha munthu wina chitapachikidwa pamenepo. Mama Vumilia, mnzawo uja wa thandala loyandikana, wavomera kundiphunzitsa. Anandigwira manja, n'kuwatembenuza, n'kunena kuti, "Mwalimu, manja a choko awa. Tiona."

Tsono ndithandize. Moyo wanga wonse ndaphunzitsa ana a anthu, koma galu sindinaphunzitsepo. M'mabuku anga muli agalu ambiri, koma onse amafika pa tsamba loyamba ataphunzira kale. Ufunse kwa madokotala ako, mwina alipo woweta agalu. Pofika lero wakodzera mphasa, nsapato yanga ya kutchalitchi, ndi buku la nyimbo.

Ndine bambo ako,
Wyson

Dar es Salaam
19 Juni 2024

Okondedwa Ababa,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndinaiwerengera pa siteji ya basi pomwepo. Ife tili bwino, ana akukufunsani tsiku lililonse. Koma Ababa, masiku ano munthu n'kuzimitsa foni? Mukadwala ndidzamva kwa kondakitala? Ngati vuto ndi kanyimbo, Erick angasinthe.

Za usipa sizinandisangalatse. Inu amene simusiyanitsa usipa wa lero ndi wa dzulo, muziima padzuwa tsiku lonse ndi msana wanuwo? Chipinda chilipo kuno, a Castory anena okha kuti mubwere. Koma ndimakudziwani, mukati ayi ndi ayi, ndiye ndafunsa monga munandituma.

Dokotala Tekla wa kuwodi kwathu amaweta agalu. Akuti musamumenye, poti galu womenyedwa ali mwana amaphunzira mantha okha. Phunziro likhale lalifupi, kangapo pa tsiku. Mawu akhale amodzi. Osati ulaliki, Ababa, ndikukudziwani, mawu amodzi: khala, bwera, siya. Akachita chimene mwanena, mumupatse kachakudya kakang'ono kamene amakonda kwambiri, nthawi yomweyo, asanaiwale chimene wachita. Akangodzuka ndiponso akangodya, mumutulutse panja akadzithandize, ndipo akatero mumuyamikire. Mupitenso naye kwa bwana mifugo, dokotala wa ziweto, akamubaye jakisoni wa chiwewe.

Mukudya? Mankhwala a kuthamanga kwa magazi mukumwa, kapena nawonso ali mu kabati? Mundiyankhe zimenezi, osati za galu zokha.

Ndine mwana wanu,
Naomi

Mbamba Bay
7 Julayi 2024

Mwana wanga Naomi,

Zikomo chifukwa cha kalata. Ndikudya, mankhwala ndikumwa. Kuno mwera wayamba, nyanja yakwiya, asodzi akulowa mwa apo ndi apo.

Uwauze Dokotala Tekla kuti njira yawo ikugwira. Poyamba ndinavutika kupeza chimene amakonda. Ndinayesa mkute, anaununkhiza n'kundiyang'ana ngati ndamutukwana. Chinangwa chimodzimodzi. Tsiku lina ndikutembenuza usipa pathandala, kamodzi kanagwa pansi, ndipo ndisanawerame n'komwe anali atameza. Ndinati, basi, ndapeza choko changa. Tsopano sukulu yathu ili pagombe pomwepo, poti ndi pamene azidzagwira ntchito. Ndimati "khala," iye amakhala, ine n'kutambasula dzanja pathandala, n'kumupatsa kamodzi. Ndimati "bwera," amabwera makutu ali kumbuyo. Mwa ana onse amene ndaphunzitsa sindinaonepo wogwira msanga chonchi. Chokhacho, kukhala amakhala, koma ndikangosuntha phazi wadzuka kale. Kudikira kwamukanika.

Nkhani yachiwiri si yabwino. Ndinapita naye kwa bwana mifugo. Anamunyamula ndi dzanja limodzi, n'kumuyang'ana mano, n'kumuyang'ana mapazi, kenaka n'kundiyang'ana ine.

"Mwalimu, anakuuzani kuti ndi galu wanji?"

Ndinati wa apolisi.

"Make mwina ndi wa apolisi ndithu. Koma atate ake ndi kagalu kaja amayi olemera amanyamula m'chikwama, amati chiwawa. Akakula kwambiri mwina afika m'maondo mwanu. Mwina."

Ndinafunsa ngati kudya bwino kungathandize. Anati, "Kungathandize m'mbali, osati m'mwamba."

Ndinalakwa kufotokozera Mama Vumilia. Anaika beseni pansi, manja m'chiuno. "Make chigalu chonga ng'ombe, atate ake ka m'chikwama? Mwalimu, inu mwawerenga mabuku, tiuzeni. Anakwera pa mpando kapena anabwereka makwerero?" Gombe lonse linaseka mpaka asodzi anasiya kusoka makoka. Tsopano amayi onse amamutcha Panya, kunena khoswe.

Ine sindinaseke kwambiri. Amauwa chilichonse: tsamba, mthunzi wake, njinga ya abusa, ndipo mawu ake amabaya m'khutu ngati singano. Koma khwangwala atatera pafupi ndi thandala, mlonda wathu anathawira pakati pa miyendo yanga. Mphepo ikawomba amanjenjemera. Khola limene ndinamumangira panja walikana, amalira mpaka ndimutsegulire. Amagona pa mpando wa amayi ako. Ndinamuchotsapo kangapo, kenaka ndinaona kuti mpando wopanda kanthu umandivuta kuposa mpando wokhala galu.

Usipa wa beseni loyamba ndinauwononga. Ndinauyala mothithikana, unanunkha, Mama Vumilia anati ndikadyetse nkhumba. Wachiwiri unauma bwinoko.

Za kubwera ku Dar tidzakamba. Osati tsopano.

Bambo ako,
Wyson

Dar es Salaam
16 Julayi 2024

Ababa,

Moni, tili bwino. Ndikulemba mothamanga ndisanalowe ntchito. Lekani msanga kumupatsa usipa wa pathandala! Ndawerengera Dokotala Tekla kalata yanu, agwira kumutu. Akuti galu saona mawu okha, amaona kumene dzanja likuchokera. Inu mukuti mukumuphunzitsa kukhala, koma iye akuphunzira kuti thandala ndi mbale yake. Akuti muchoke naye pagombe lero lomwe, muziphunzirira pakhomo, ndipo usipa wake uzichokera m'thumba mwanu, osati pa waya. Akuti akadali wamng'ono, zingakonzeke ngati mwafulumira. Mukachedwa zidzakhala zovuta.

Za makwerero ndaseka mpaka misozi, koyamba chichokere kumaliro. Kenaka misoziyo inapitirira yokha. Amayi akanamva zimenezo akanagwa pansi ndi phwete.

Erick ndithana naye ndekha.

Chonde yatsani foni.

Naomi

Mbamba Bay
11 Ogasiti 2024

Mwana wanga Erick,

Ndikhulupirira uli bwino ndipo ntchito ya kugalaja ikuyenda. Ndikulembera iwe chifukwa mlongo wako wangokhala chete. Ndinamulembera mwezi wathawu, yankho palibe. Ndikuganiza wakwiya chifukwa ndinakana kupita ku Dar. Mwina akudikira kuti ndilephere, ndidzafike ndekha ndi chikwama. Sindimuimba mlandu, koma zikundiwawa.

Galu wako wandithetsa nzeru. Sakukula, izo ndazivomera. Koma tsopano wayamba khalidwe lina. Sadikiranso kuti ndinene "khala." Amapita yekha pa thandala lililonse, n'kukhala mwaulemu, mchira utazungulira mapazi, maso ali pa mwini wake ngati mwana wa kwaya. Poyamba amayi ankaseka. "Panya wabwera kudzatolera chopereka!" Aliyense n'kumuponyera kamodzi. Ine ndinkawaletsa, koma ndani amamva mwalimu wopuma pagombe la eni ake?

Tsopano usipa wayamba kuchuluka, amayi atanganidwa, palibenso womuponyera. Ndiye akakhala, n'kuona kuti dzanja silikubwera, amadzithandiza yekha. Amalumphira pa mtengo wa pakona, n'kukwera. Chigalu chimene amayi ako ankafuna sichikanatha kukwera thandala, waya ukanaphwasuka. Uyu amayenda pamwamba pa nsomba ngati mphaka, akusankha zonenepa.

Ndayesa kumusiya kunyumba. Chingwe amatafuna. Ndikamutsekera m'nyumba amatulukira pa mpata uja wa pansi pa chitseko cha kukhitchini. Ndinatsekapo ndi thabwa, anakumba. Ndikafika pagombe ndimamupeza akubwera m'mbuyo mwanga, lilime panja, wokondwa ngati wapambana mpikisano. Chodabwitsa n'chakuti tsiku limene ine ndakhala pakhomo, iye sachoka. Pagombe amapita chifukwa ine ndapita.

Amene anakugulitsayo sanakuuze kanthu za kaphunzitsidwe kake? Ukabwera Loweruka lina ungandithandize? Ubweretse unyolo wopepuka, ngati ulipo wa msinkhu wake.

Bambo ako,
Wyson

Songea
18 Ogasiti 2024

Shikamoo Ababa,

Ndili bwino, koma ntchito yachuluka, magalimoto a makala akuwonongeka tsiku ndi tsiku, ndiye kubwera mwezi uno sindilonjeza.

Dada Naomi sanakwiye ndi inu. Wakwiya ndi ine. Amandiimbira ngati ndinabereka galuyo ndine. Ababa, ine ndinaona make ndi maso anga. Kodi munthu akamagula galu amafunsa kalata ya ukwati? Munthu uja ndamufunafuna, akuti anasamukira ku Njombe. Dada akuti anakulemberani, mwina kalata ili m'njira.

Za kuba nsomba musavutike nazo, mankhwala ake ndi osavuta. Tengani usipa, muupake pilipili, tsabola wokwiya uja wamng'onomng'ono, muuike pathandala. Akadya kamodzi sadzabwerezanso. Zikakanika, kachikoti pang'ono. Agalu onse a kuno anaphunzira choncho, palibe anapita kwa dokotala. Inu vuto lanu mumamulankhula ngati mwana wa Fomu 4.

Unyolo wa msinkhu wake ndasowa. Wogulitsa nditamuonetsa kukula kwake ndi manja anandifunsa ngati ndikufuna wa wotchi.

Zikavutitsitsa, mnzanga Gaudens wa ku Chiwanda ali ndi munda wa chinangwa, kutali ndi mathandala, ndipo galu wake anafa. Ndamuuza, akuti angamutenge. Ine ndidzakupezerani wina weniweni, ulendo uno ndidzaona atate ake ndi agogo ake omwe.

Mwana wanu,
Erick

Mbamba Bay
8 Seputembala 2024

Mwana wanga Naomi,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Kalata yako ya mu Julayi yandipeza dzana. Kondakitala uja anamusinthira ku basi ya Mbeya, kalata inatsala m'thumba la jekete lake, ndipo waipereka kwa mnzake atakumana pa Songea. Yafika yopindika, yonunkha dizilo. Ndaiwerenga nditakhala pakhonde, Kamanda ali pa mapazi anga. "Zingakonzeke ngati mwafulumira." Ndinaseka ndekha, kuseka kosakoma. Ndinkaganiza kuti wakhala chete dala. Undikhululukire.

Zachedwa, mwana wanga. Ndinayesa pilipili wa Erick. Anadya, anayetsemula, anakhwekhwereza mphuno mumchenga, anathamangira kunyanja kukamwa madzi, kenaka anabwera kudzamaliza wotsalayo. Anaphunzirapo chinthu chimodzi, kuti usipa wa thandala langa umawawa, ndiye tsopano amakonda wa anzanga.

Lachitatu kunabwera tajiri wina, wamalonda wolemera wa ku Mbinga, ndi galimoto, kudzatenga usipa wa Mama Vumilia. Unali wabwino, woyera, wouma ndi dzuwa la tsiku limodzi. Ine ndinali kumadzi, ndikulimbirana beseni ndi amayi ena pa bwato. Tajiri uja anapeza Kamanda ali pakati pa thandala, mwendo umodzi m'mwamba. Sindifuna kulemba zambiri. Tajiriyo anakana usipa wonse. Anati, "Ine sindigulitsa nsomba zothiridwa mchere ndi galu." Mama Vumilia anaugulitsa kwa oweta nkhuku.

Ndinathyola kanthambi ka mango. Ine amene sindinamenyepo mwana m'kalasi zaka zanga zonse, ndinakweza dzanja pamaso pa anthu. Iye anayang'ana dzanjalo, n'kukhala pansi, mchira ukusesa mchenga. Amadziwa kuti dzanja langa likakwera, limatsika ndi chakudya. Kanthambi ndinakataya.

Mama Vumilia sanakalipe pagombe. Anabwera kunyumba masana, n'kukhala pa sitepe, kukana mpando.

"Mwalimu, Violet anali dada wanga. Tsiku lija la maliro ndinamusambitsa ndine."

Ndinati ndikudziwa.

"Nsomba zanu zovunda ndazipirira. Kuyala kwanu kokhala ngati mukufola ana pa mzere ndakupirira. Koma ana anga sadya chisoni, Mwalimu. Tajiri uja akakafotokoza ku Mbinga, sadzati thandala la Vumilia. Adzati usipa wa ku Mbamba Bay."

Ndinati ndimumanga bwinobwino.

"Mwamumanga kangati? Amayi takumana. Mwezi uno ukamatha, musankhe. Galu achoke m'tauni muno, inu mupitirize. Kapena galu akhale, inu musiye mathandala, poti kumene inu muli iyenso ali. Wina akhoza kumuthira mankhwala a makoswe, ndipo ine sindidzanena kuti ndi ndani."

Ali mkati molankhula, Kamanda anapita kukakhala patsogolo pawo. Anamuyang'ana, n'kunena, "Iwe Panya, ulibe manyazi."

Kuyambira dzana ndikuchita zonse zimene Dokotala Tekla ananena. Usipa wake uli m'thumba, sukulu ili pakhomo. Pakhomo amamva zonse. Tikangomva fungo la pagombe, mutu wake umakhala wa munthu wina. Uwafunse ngati pali njira ina ya msanga. Ndatopa, Naomi. Ndinkaganiza kuti chovuta chidzakhala nsomba.

Bambo ako,
Wyson

Dar es Salaam
14 Seputembala 2024

Okondedwa Ababa,

Kalatayi ndapatsira mnzanga namwino amene akupita kwawo ku Ndumbi, akupatsani pamanja. Makondakitala ndathana nawo.

Mawu akuti ndinakhala chete dala andipweteka. Erick wandiuzanso kuti munamulembera zoti ndikudikira mulephere. Ababa, ine ndinataya amayi. Ndikakuitanani kuno si chifukwa ndikufuna mugonje, ndi chifukwa ndikufuna ndizikuonani mukumwa tiyi. Basi.

Dokotala Tekla akuti njira ya msanga palibe. Zingatenge miyezi, mwina osatheka n'komwe, makamaka poti pagombe fungo lili paliponse.

Ndiye mverani ine. Ngati mathandala ndiwo akukudzutsani m'mawa, asungeni, sindidzanenanso za Dar. Koma galuyo mupereke kwa Gaudens. Amayi ankafuna galu chifukwa cha mathandala, osati mathandala chifukwa cha galu. Iwo sanamuone n'komwe. Akanakhala iwo, tsiku lomwe anakwera pa waya akanamubweza ku Songea mu katoni yomweyo, Erick akanamva m'makutu. Malo aja anawakhetsera thukuta zaka zonse zimene ine ndinali pasukulu. Musawataye chifukwa cha kagalu kolakwika mtundu.

Ndipo asanamuthire mankhwala, Ababa. Zimenezo simungazipirire, ndikudziwa.

Ndine mwana wanu,
Naomi

Mbamba Bay
29 Seputembala 2024

Mwana wanga Naomi,

Mnzako anafika bwino ndipo anandipatsa kalata pamanja. Zonse zimene unalemba ndi zoona. Ndinayesa kupeza cholakwika, monga ndinkachitira ndi zimangirizo za ana, koma sindinapeze.

Ndiye Lachiwiri ndinakwera pikipiki, njinga yamoto ya hayala, kupita ku Chiwanda, Kamanda ali mu dengu pa miyendo panga. Gaudens ndi munthu wabwino. Anatilandira ndi nthochi, natisonyeza mtengo umene ankamangapo galu wake wakale. Unyolo unali pomwepo. Atayesa kumuveka kolala, Kamanda anadutsamo thupi lonse n'kutulukira mbali ina. Gaudens anakanda mutu. "Mzee, ameneyu ndi wolondera kapena wolonderedwa?"

Ndinayamba kuwafotokozera, iye ndi akazi ake. Kuti mphepo ikawomba amafuna chiguduli. Kuti mawu akhale amodzi. Kuti akauwa mlendo asamukalipire, amaleka yekha akamununkhiza. Kuti nkhuku amaziopa koma savomera. Akazi a Gaudens anandidula. "Baba, mukutisiyira galu kapena mukukwatitsa mwana?"

Ndinaleka. Ndinamuika pansi pa mtengo paja, wosamanga. Ndinati, "Khala." Anakhala. Ndinatembenuka n'kuyamba kuyenda kupita kumsewu kumene pikipiki imandidikira. Ndinkadziwa kuti adzuka, poti sanadikirepo chiyambire, ndipo ndinali nditamuuza Gaudens kuti akadzuka amugwire. Ndinadutsa nkhokwe. Ndinadutsa mizere ya chinangwa. Sindinamve kanthu m'mbuyo. Nditafika pamsewu ndinacheuka. Anali pomwepo, Naomi. Palibe anamugwira. Thupi lonse likunjenjemera, makutu aja ali chilili, mwendo wakutsogolo ukunyamuka n'kubwerera, koma atakhala. Phunziro limene linamukanika miyezi yonseyi anasankha kulikhoza tsiku limenelo, m'manja mwanga mulibe ngakhale mutu wa usipa.

Wa pikipiki anati, "Twende, Mzee, tiyeni tizipita." Ine ndinati, "Bwera."

Gaudens sanakhumudwe. Anatiwonjezera nthochi.

Ndaganiza kwambiri za mawu ako akuti amayi ako sanamuone. Ndi zoona. Koma mathandala aja anali amoyo chifukwa cha manja awo, ndipo manja amenewo ine ndilibe. Miyezi inayi ndakhala ndikuwononga nsomba zabwino pa malo abwino, anthu akundipirira chifukwa cha maliro. Galuyu sanalakwe kanthu. Anakhoza mayeso amene ndinamupatsa ine. Mwana wotero sindinamuchotsepo sukulu.

Lachisanu ndinapita pagombe, Kamanda nditamusiya m'manja mwa mkazi wa abusa, amene anamugwira ngati nkhuku ya mphatso. Pamaso pa amayi onse ndinapereka mathandala kwa Dativa, mpongozi wa Mama Vumilia, amene wakhala akuyanika pa malo obwereka. Ndinamupatsanso mabeseni ndi mpeni. Foni ndayatsa, kuti ndimupatse manambala a makasitomala a ku Mbinga, ndiye ukhoza kuimba. Kanyimbo sindinasinthe. Mama Vumilia anati, "Violet akanakutukwanani, Mwalimu." Ndinati ndikudziwa. Anati, "Kenaka akanakuphikirani tiyi." Dzulo ndaona patali chitenje cha Dativa chili pa mtengo wa pakona. Chinandiwawa monga ndinkayembekezera, osapitirira apo.

Ku Dar ndidzabwera pa Khirisimasi, kudzacheza, ngati a basi angalole dengu. Ana awiri a kwa aneba ayamba kubwera madzulo kuti ndiziwathandiza Chingerezi, ndiye usade nkhawa kuti ndingokhala.

Usaganize kuti zatha bwino. Akadali kuuwa abusa. Dzulo watafuna chikuto cha dikishonale. M'mawa timayenda, kukwera njira ya kuphiri, ndipo pa mphambano paja, pamene njira ina imatsikira pagombe, amaima n'kukoka chingwe, mphuno ili kunyanja. Inenso mapazi amaima okha. Timakhala pamenepo kanthawi, osayang'anana, anthu akutilambalala ndi mabeseni awo. Lero amene anayamba kutembenukira kuphiri ndi iye.

Ndine bambo ako,
Wyson